Thukuta la Ophunzira, Ndalama za Ena

Mumzinda wa Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan ku America, muli bwalo la mpira lokwana anthu 107,601. Palibe bwalo lina lalikulu kuposa limeneli m'dziko lonselo, komatu mwini wake si timu ya ligi yaikulu. Mwini wake ndi yunivesite, ndipo amene amasewera mmenemo masiku a Loweruka, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, ndi anyamata a zaka zapakati pa 18 ndi 23 amene Lolemba m'mawa amayenera kupezeka m'kalasi.

Kwa ife amene tinazolowera kuti mwana waluso amachoka ku timu ya m'dera n'kupita ku kalabu, zimenezi n'zachilendo. Ku America njira ya ku ligi zikuluzikulu imadzera ku koleji. Ligi ya NFL, ya mpira wachimereka uja wonyamula m'manja, wogundana atavala zipewa zolimba, silandira munthu zisanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Ligi ya basketball ya NBA imafuna munthu wa zaka 19. Ndiye pa zaka zodikirazo osewera apamwamba a m'badwo wawo amakhala m'manja mwa mayunivesite. Zigawo ngati Alabama ndi Nebraska zilibe timu ya NFL. Kumeneko agogo, bambo ndi mdzukulu amavala jezi ya yunivesite imodzi, ndipo m'zigawo zambiri wogwira ntchito m'boma wolandira malipiro ochuluka kuposa onse ndi kochi wa mpira, osati bwanamkubwa.

Mpaka pa 1 Julayi 2021, wosewera wa ku koleji sankaloledwa kulandira ngakhale dola imodzi chifukwa cha dzina lake, nkhope yake kapena kutchuka kwake. Lero amatsatsa malonda a magalimoto, mafoni ndi zakumwa, ndipo ena akupeza mamiliyoni. Masapota agawikana. Ena akuti ndalama zapha chinthu chimene ankachikonda, ena akuti chimene chafa ndi bodza basi. Koma aliyense wonena kuti ndalama zinalowa mu 2021 sanaiwerenge mbiri ya masewero ake omwe, chifukwa ndalama zinalipo kuyambira tsiku loyamba.

Tsiku limenelo linali 3 Ogasiti 1852, pamene ophunzira a ku Harvard ndi a ku Yale anapikisana kupalasa mabwato panyanja ya Winnipesaukee ku New Hampshire. Umenewu ndi umene umawerengedwa kuti mpikisano woyamba wa makoleji awiri a ku America. Analipira ulendo, malo ogona ndi chakudya cha anyamatawo ndi kampani ya njanji ya Boston, Concord and Montreal, imene inkafuna kuti anthu akwere sitima zake popita kunyanjako. Harvard inapambana, kampani inagulitsa matikiti. Masewero a m'makoleji anabadwa ali kale chida chotsatsira malonda.

Nanga maganizo akuti wosewera weniweni salandira kanthu anachokera kuti? Anachokera ku England, kwa ana a anthu olemera a ku Oxford ndi Cambridge. Malamulo a mipikisano yawo ya mabwato m'zaka za m'ma 1880 ankakaniza aliyense amene anagwirapo ntchito yamanja, kaya makaniko, mmisiri kapena waganyu. Wosewera mwaulere ndi amene ali nazo kale kunyumba. Lamulo lotere linkatchinjiriza ana a mabwana kuti asagonjetsedwe ndi anthu amphamvu ochokera m'mafakitale. Harvard ndi Yale anatengera mawu okoma a lamuloli, koma mtima wofuna kupambana unali wachimereka, ndipo ziwirizi sizinagwirizanepo.

Mu 1905 magazini ya McClure's inaulula za James Hogan, kaputeni wa timu ya Yale, mnyamata wochokera m'banja losauka. Sankalipira fizi, ankagona m'zipinda zapamwamba za Vanderbilt Hall, anapita ku Cuba kukapuma pa ndalama za ena, ndipo kampani ya fodya ya American Tobacco inkamupatsa gawo pa ndudu zake zogulitsidwa mumzinda wa New Haven. Anzake ankasuta ndudu zimenezo podziwa kuti akuthandiza kaputeni wawo. Pangano lotsatsa malonda limene masapota a lero akuliona ngati lachilendo linalipo zaka zoposa 115 zapitazo, pa yunivesite imene inkadzitama kwambiri pa nkhani ya ulemu.

Chaka chomwecho osewera osachepera 18 anafa chifukwa cha kuvulala pa mpira. Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton ku White House, ndipo mu 1906 panabadwa bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji limene mu 1910 linatenga dzina lakuti NCAA. Linabwera kudzachepetsa imfa. Za kusewera mwaulere linazilemba m'malamulo ake, koma linalibe mano olumira aliyense, ndipo amene ankalangidwa masiku amenewo ndi amene sankadziwa kubisa. Jim Thorpe, wa mtundu wa eni nthaka a ku America, wophunzira pasukulu ya Carlisle, analandidwa mamendulo ake awiri a golide a masewero a Olimpiki a ku Stockholm mu 1913 chifukwa anasewerapo baseball ku North Carolina n'kumalandira timadola towerengeka. M'kalata yake yopepesa anafotokoza kuti anyamata ena a m'makoleji ankachita zomwezo, kungoti iwo ankagwiritsa ntchito maina abodza. Mu 1929 bungwe la Carnegie linafufuza masukulu 112 n'kupeza kuti 81 mwa iwo ankapatsa osewera kenakake: ngongole zosabweza, ntchito za dzina lokha, ndalama za m'thumba. Ankapereka ndani? Ophunzira akale ndi amalonda a m'tauni. Masapota.

Mu 1948 NCAA inayesa kuuma mtima ndi lamulo lotchedwa Sanity Code, loletsa kupereka malo ogona ndi chakudya chifukwa cha luso la masewero. Masukulu asanu ndi awiri, kuphatikizapo Virginia, Maryland ndi Boston College, anaonekeratu kuti sakulitsatira. Mu 1950 mavoti owathamangitsa sanakwane, ndipo mu 1951 lamulolo linafa. Pofika 1956 bungwe lomwelo linavomereza kuti wosewera azilipiriridwa fizi, chipinda, chakudya ndi mabuku, n'kumalandiranso $15 pamwezi yochapitsira zovala. Chimene mu 1948 chinali tchimo, mu 1956 chinakhala muyezo wa kuyera. Malire a "kusewera mwaulere" akhala akusunthidwa chotero nthawi zonse, kukaikidwa pamene akuluakulu aona kuti matumba awo sapweteka.

Munthu amene anaipatsa mano NCAA ndi Walter Byers, amene anakhala mkulu wake mu 1951 ali ndi zaka 29 n'kulamulira kwa zaka 36. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali makhoti. Mu 1953 khoti lalikulu la Colorado linagamula kuti Ernest Nemeth, amene anavulala akusewerera yunivesite ya Denver, anali wantchito woyenera chipukutamisozi. Byers anaona kuti zikapitirira chotero, sukulu iliyonse izilipira bondo lililonse lothyoka. Iye ndi maloya ake anapeka dzina lakuti student-athlete, n'kulilowetsa m'malamulo onse ndi m'kamwa mwa atolankhani, kuti aliyense azikumbukira kuti uyu ndi mwana wa sukulu wongosewerako, osati wolembedwa ntchito. Mu 1955 Ray Dennison, msilikali wakale wa ana atatu, anagundidwa m'mutu akusewerera koleji ya Fort Lewis ku Colorado komweko ndipo anamwalira. Mkazi wake Billie anapempha chipukutamisozi. Mu 1957 khoti linamukaniza ponena kuti kolejiyo siinali pa bizinesi ya mpira. Chigamulo chimenecho, choperekedwa kwa mayi wamasiye, ndicho chinakhala mwala wa maziko kwa zaka 60 zotsatira.

Pa zaka zimenezo bizinesi imene ankati kulibeyo inakula modabwitsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Sonny Vaccaro anapatsa kampani ya Nike nzeru yosavuta: popeza wosewera sungamulipire, lipira kochi, iye aveke anyamata ake nsapato zako. Makochi ngati Jerry Tarkanian ndi John Thompson anayamba kulandira macheke, ndipo mapazi otsatsa malondawo anali a ophunzira. Kenako kunabwera wailesi ya kanema. Mu 1984 mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anagonjetsa NCAA ku Supreme Court, oweruza 7 kwa 2, pa mlandu wakuti bungweli linkaphwanya lamulo loletsa kupangana mitengo pomaletsa masukulu kugulitsa okha masewero awo ku makanema. Mwa oweruza awiri okanawo munali Byron White, amene paunyamata wake anali katswiri wa mpira ku Colorado, ndipo anachenjeza kuti masewero a m'makoleji asanduka malonda enieni. Sanalakwitse. Mu 2010 makanema a CBS ndi Turner anasaina mgwirizano wa $10.8 biliyoni wa zaka 14 woonetsa mpikisano wa basketball wa mwezi wa Malichi wokha. Masukulu anadzimasula okha pogwiritsa ntchito lamulo la msika, koma m'chigamulo chomwecho woweruza John Paul Stevens anaponyamo mawu ongodutsa akuti osewera sayenera kulipidwa, ndipo NCAA inawagwiritsitsa mawu amenewo ngati lemba kwa zaka 37.

Ndalama zoletsedwa masana zinkayenda usiku. Ku Southern Methodist University mumzinda wa Dallas, mpondamatiki za mafuta ndi za nyumba zinali ndi thumba lolipirira osewera mwezi ndi mwezi. NCAA inatseka timuyo sizoni yonse ya 1987, ndipo sinasewerenso mu 1988. Bill Clements, bwanamkubwa wa Texas, anavomera kuti ali wapampando wa bodi ya yunivesiteyo analoleza kuti malipirowo apitirire, poti anyamatawo anali atalonjezedwa kale. Ku Michigan, gulu la anyamata asanu a basketball amene anafika mu 1991, otsogozedwa ndi Chris Webber ndi Jalen Rose, linasintha kavalidwe ka dziko lonse ndi makabudula awo ataliatali ndi masokosi akuda. Katundu wa yunivesite anagulidwa ngati zitumbuwa zamoto, iwo osaonako kanthu poyera. Pambuyo pake zinadziwika kuti sapota wina, Ed Martin, anapereka $616,000 kwa osewera anayi a pasukulupo, Webber mmodzi wa iwo, ndipo mu 2002 yunivesite inatsitsa mbendera za zipambano zawo padenga la holo.

Zilango za m'zaka za m'ma 2010 ndi zimene zinayamba kutembenuza mitima, chifukwa zinali zochititsa manyazi. Reggie Bush wa ku USC anabweza chikho cha Heisman, cha wosewera wopambana onse, mu 2010 chifukwa iye ndi banja lake analandira mphatso kwa anthu ofuna kudzakhala maejenti ake. Chaka chomwecho A.J. Green wa ku Georgia anaimitsidwa magemu anayi chifukwa chogulitsa jezi yake pa $1,000, pamene sitolo za yunivesite zinkagulitsa majezi a nambala 8 yake tsiku lililonse. Anyamata asanu a ku Ohio State anaimitsidwa magemu asanu chifukwa chogulitsa mphete ndi mphoto zawozawo ndi kujambulitsa zithunzi pathupi pamtengo wotsika. Mu 2017 Donald De La Haye wa ku Central Florida anauzidwa kuti asankhe pakati pa mpira ndi ndalama za mavidiyo ake a pa YouTube. Anasankha YouTube, ndipo thandizo la fizi linathera pomwepo. NCAA inkalimbikira kunena kuti majezi amene amagulitsidwa ndi a sukulu, alibe dzina la munthu. Mu Ogasiti 2013 wolemba ndi woulutsa za masewero Jay Bilas analowa pa sitolo ya pa intaneti ya NCAA, n'kulemba dzina lakuti Manziel pamalo ofufuzira, ndipo panatuluka jezi ya nambala 2 ya Texas A&M, ya Johnny Manziel, amene pa nthawi yomweyo ankafufuzidwa pa nkhani yosainira anthu zinthu molipiritsa. Patangopita masiku ochepa bungweli linalengeza kuti lasiya malondawo.

Ngakhale zinali chotero, masapota ambiri anali adakali kumbali ya lamulo. Kafukufuku wa Washington Post ndi ABC News mu 2014 anapeza kuti anthu 64 mwa 100 aliwonse ankakana zoti osewera azilipidwa, ndipo 33 okha ankavomereza. Mfundo zawo sizinali zopanda pake, tisawanamizire. M'dziko limene mabanja amalowa m'ngongole ya zaka makumi awiri kuti mwana apeze digiri, kuphunzira osalipira ndi malipiro ndithu. Osewera osakwana awiri mwa 100 aliwonse ndi amene amakafika ku ligi zolipira, choncho kwa ambiri digiriyo ndi imene idzawadyetse. Ndalama za mpira ndi basketball ndi zimene zimayendetsa kusambira, kuthamanga ndi masewero a atsikana, amene lamulo la Title IX la 1972 limawateteza. Ndipo panali china chovuta kuchiyeza: sapota wa ku Nebraska ankakhulupirira kuti mnyamata ali m'bwalomo anasankha sukuluyo chifukwa choikonda monga amaikondera iye.

Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso mng'alu umene anthu sankafuna kuutchula. Azungu ambiri ankakana, pamene mwa anthu amene si azungu oposa theka ankavomereza. Masewero awiri obweretsa ndalama amadzaza ndi anyamata akuda, ambiri ochokera m'mabanja osauka, ndipo ndalamazo zinkathera kwa makochi, akuluakulu a maofesi, ndi masewero ngati gofu ndi tenisi amene osewera ake ambiri ndi ana a opeza bwino. Byers mwiniwake, atapuma ntchito, analemba buku mu 1995 lotchedwa Unsportsmanlike Conduct, mmene anayerekeza dongosolo limene anamanga ndi minda ya akapolo ya kum'mwera kwa America. Wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu angalimve msanga polikumbukira thangata: ukhala pamalo a mwini, ulipira ndi thukuta, ndipo mwini ndi amene anena kuti malowo ndi malipiro okwanira. Mu 2014 Shabazz Napier, amene anatsogolera Connecticut kutenga chikho cha dziko lonse, anauza atolankhani kuti masiku ena amagona ndi njala. Mu Epulo chaka chomwecho NCAA inachotsa malire a chakudya chimene sukulu ingapatse wosewera. Inde, analipo malire a chakudya.

Amene anagwetsa khomali anali wogulitsa magalimoto. Ed O'Bannon anatengera UCLA chikho cha basketball mu 1995, ndipo ntchito ya mpira itatha ankagulitsa magalimoto a Toyota kufupi ndi Las Vegas. Tsiku lina kunyumba kwa mnzake anaona mwana akusewera gemu ya pakanema ya kampani ya EA Sports, ndipo mu gemumo munali munthu wakuda, wampala, wamanzere, wovala nambala 31 ya UCLA. Dzina lokha ndi limene linalibe. Palibe anamupempha, palibe anamulipira. Mu 2009 anakasuma, mothandizidwa ndi Vaccaro yemwe uja wa nsapato, amene tsopano anali atatembenuka. Mu Ogasiti 2014 woweruza Claudia Wilken wa ku California anagamula kuti malamulo a NCAA ankaphwanya lamulo la mpikisano pa malonda. Khoti la apilo linachepetsa mphamvu ya chigamulocho, koma mng'alu unali utalowa. EA inasiya kupanga gemu ya mpira wa m'makoleji, ndipo masapota ambiri anakwiyira O'Bannon kuti wawalanda choseweretsa chawo.

Pa 20 Febuluwale 2019, gemu ya Duke ndi North Carolina isanathe ndi mphindi imodzi yomwe, nsapato ya Nike ya Zion Williamson inang'ambika iye akutembenuka, ndipo anavulala bondo pamaso pa dziko lonse, Barack Obama ali pampando wakutsogolo. Matikiti a gemuyo ankagulidwa madola masauzande chifukwa cha mnyamata ameneyu, amene ankavala nsapatoyo chifukwa cha mgwirizano wa yunivesite yake, osati wake. Mu Seputembala chaka chomwecho bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, anasaina lamulo la senata Nancy Skinner lolola osewera kupanga ndalama ndi maina awo, ndipo analisainira pa pulogalamu ya kanema ya LeBron James. Florida ndi zigawo zina zinathamangira kutsanzira. Musaganize kuti aphungu a kum'mwera anagwidwa ndi chifundo mwadzidzidzi. Ankaopa kuti osewera abwino onse athawira kwa anzawo. Ndiye pa 21 Juni 2021 oweruza onse asanu ndi anayi a Supreme Court anagamula mokomera Shawne Alston, wosewera wakale wa ku West Virginia. Mlanduwo unali wa zinthu zing'onozing'ono zokhudza maphunziro, koma woweruza Brett Kavanaugh anawonjezera maganizo ake: malesitilanti sangapangane kudula malipiro a ophika ponamizira kuti makasitomala amakonda chakudya chophikidwa ndi anthu olandira zochepa, ndipo NCAA siili pamwamba pa lamulo. Patatha masiku asanu ndi anayi bungweli linangokweza manja. Zilembo zitatu za NIL, zoimira dzina, chithunzi ndi maonekedwe a munthu m'Chingelezi, zinalowa m'kamwa mwa aliyense.

Miyezi yoyamba inali yosangalatsa, ndipo inatsutsa olosera zoipa. Oyamba kutchuka sanali anyamata a mpira koma mapasa aakazi a basketball a ku Fresno State, Haley ndi Hanna Cavinder, amene anasaina ndi kampani ya mafoni ya Boost Mobile tsiku loyamba lomwelo chifukwa cha otsatira awo a pa TikTok. Olivia Dunne wa masewero odumpha ndi kupinda thupi ku LSU anakhala mmodzi wa opeza zambiri. Mnyamata wa ku Nebraska dzina lake Decoldest Crawford anatsatsa kampani ya makina oziziritsa m'nyumba, Bijan Robinson wa ku Texas anatulutsa mpiru wopaka pabuledi wa dzina lake. Caitlin Clark wa ku Iowa ankaoneka pa malonda a Nike, Gatorade ndi State Farm, ndipo gemu yake yomaliza mu 2024 inaonedwa ndi anthu pafupifupi 19 miliyoni, kuposa ndime yomaliza ya amuna imene inaonedwa ndi pafupifupi 15 miliyoni. Gemu ya EA inabweranso chaka chomwecho, wosewera aliyense wovomera kuikidwamo n'kulandira $600. Si onse anapindula mofanana. Ophunzira ochokera kunja amamangidwa ndi viza imene siwalola kugwira ntchito zotere ali pa nthaka ya America, moti Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi, amene anasankhidwa kukhala wosewera basketball wopambana m'makoleji onse mu 2022, anachita kudikira ulendo wa timu ya Kentucky wopita ku Bahamas kuti akajambulitse malonda ake kumeneko.

Palibe sapota amene anasiya kuonera mpira chifukwa cha botolo la mpiru. Mkwiyo unabwera ndi chinthu china. Masapota olemera aja, adzukulu a amene Carnegie inawapeza mu 1929, anatuluka poyera n'kupanga magulu osonkha ndalama otchedwa collective. Pa pepala ankalipira wosewera kuti akaonekere ku ntchito zachifundo kapena asaine zithunzi. Zoona zake ankagula timu. Mu Epulo 2022 loya wina wolemera wa ku Miami, John Ruiz, analengeza yekha pa Twitter kuti Nijel Pack, amene ankachoka ku Kansas State kupita ku Miami, alandira $800,000 pa zaka ziwiri ndi galimoto. Mwezi wotsatira kochi Nick Saban wa ku Alabama ananena pagulu kuti Texas A&M inagula wosewera aliyense wa m'gulu lake latsopano, ndipo kochi wa timuyo, Jimbo Fisher, anamuyankha mokalipa kuti anthu akafufuze mmene Saban mwiniwake anapezera zikho zake. Timu ya Ohio State imene inatenga chikho mu Januwale 2025 inkanenedwa poyera kuti inadya $20 miliyoni.

Kusinthaku kunakumana ndi kwina. Kale wosewera wosamuka sukulu ankakhala chaka chathunthu osasewera. Mu 2021 analoledwa kusamuka kamodzi popanda chilango, ndipo pofika 2024 makhoti anali atachotsa malire onse. Ndalama ndi ufulu wochoka zitaphatikizana, timu iliyonse inayamba kumangidwa mwatsopano chaka ndi chaka, popanda makontrakiti olimba ngati a ku NFL. Jaden Rashada analonjezedwa $13.85 miliyoni kuti apite ku Florida, ndalamazo sizinaoneke, ndipo mu 2024 anasumira kochi ndi wolonjezayo. Matthew Sluka wa ku UNLV anasiya timu itapambana magemu atatu oyamba a 2024, ejenti wake n'kunena kuti analonjezedwa $100,000 pakamwa ndipo anangoona $3,000; sukulu inakana. Masapota anamutcha wothawa nkhondo, koma mnyamata amene bondo lake likhoza kuthyoka Loweruka lililonse amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nkhani ya ku Tennessee ndi imene imaonetsa bwino pamene sapota waima. Mu Januwale 2024 NCAA inkafufuza mmene yunivesiteyo inapezera Nico Iamaleava, amene malipoti ankati anasaina mgwirizano wa $8 miliyoni akadali ku sekondale. Boma la Tennessee linatengera NCAA kukhoti n'kupambana, masapota akuombera m'manja. Mu Seputembala yunivesite inawauza kuti matikiti a 2025 akwera ndi 10 peresenti yapadera yolipirira osewera. Mu Epulo 2025 Iamaleava sanabwere ku maphunziro a timu, atolankhani n'kumalemba kuti akufuna kuwonjezeredwa ndalama, ndipo tsiku lotsatira anasiyana ndi timuyo. Anapita ku UCLA, n'kunena kuti ankafuna kuyandikira kwawo. Sapota amene anagula tikiti yokwera mtengo, n'kulipira kanema, n'kusonkhanso ku collective, ali ndi chifukwa chodandaulira. Akulipira katatu, ndipo jezi imene wagulira mwana wake ikhoza kukhala ya mlendo chaka chamawa.

Kudandaula kumeneko n'komveka, koma chala chikuloza munthu wolakwika. Mu Novembala 2021 kochi Lincoln Riley anasiya Oklahoma n'kupita ku USC, ndipo kochi Brian Kelly anasiya Notre Dame timu yake ikadali ndi mwayi wolimbirana chikho, onse potsata makontrakiti onona. Fisher atachotsedwa ntchito mu 2023, Texas A&M inavomera kumulipira ndalama zoposa $75 miliyoni kuti akhale kunyumba. Kochi Dabo Swinney wa ku Clemson, amene mu 2014 anati osewera akadzayamba kulipidwa iye adzakapeza ntchito ina, anasaina mgwirizano wa $93 miliyoni mu 2019, ndipo sanapite kulikonse. Ligi ya Pac-12, ya zaka zoposa 100, siinaphedwe ndi wophunzira. Inaphwasuka pamene akuluakulu a USC, UCLA, Oregon ndi Washington anasamukira ku ligi ya Big Ten potsata ndalama za kanema, n'kusiya atsikana a volleyball a ku Los Angeles akuuluka kudutsa dziko lonse kukasewera ku New Jersey pakati pa sabata ya maphunziro. Kukhulupirika kumene sapota akukulira kunali kwa munthu mmodzi yekha m'bwalomo, amene lamulo linkamuletsa kuchoka.

Pa 6 Juni 2025 woweruza Wilken yemwe uja anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu umene Grant House, wosambira wa ku Arizona State, ndi Sedona Prince wa basketball anayambitsa mu 2020. NCAA ndi ligi zikuluzikulu azilipira $2.8 biliyoni pa zaka khumi kwa amene anasewera kuyambira 2016, ndipo yunivesite iliyonse yololera ikhoza kulipira osewera ake mwachindunji mpaka $20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Mgwirizano uliwonse wotsatsa malonda wa $600 kapena kuposerapo uyenera kuunikidwa ndi bungwe latsopano la College Sports Commission, mothandizidwa ndi kampani ya Deloitte, kuti aone ngati ndi malonda enieni. Gawo lalikulu la ndalamazo likupita kwa anyamata a mpira ndi a basketball, ndipo patangopita masiku ochepa gulu la osewera aakazi linachita apilo potchula Title IX. Bush anabwezeredwa chikho chake cha Heisman mu Epulo 2024, koma amene anasewera 2016 isanafike sali m'gulu lolandira.

Funso la mayi Dennison lidakali pomwepo. Mayunivesite tsopano akulipira osewera kuchokera m'thumba lawo, koma akulimbikirabe kuti si antchito, ndipo akupempha nyumba ya malamulo ku Washington kuti ilembe zimenezo m'lamulo. Mu Julayi 2024 khoti la apilo la ku Philadelphia, pa mlandu wa Johnson, linakana kutseka khomo, n'kunena kuti wosewera wa ku koleji akhoza kuwerengedwa wantchito ngati zinthu zina zakwanira. Miyezi inayi m'mbuyo mwake anyamata a basketball a ku Dartmouth, sukulu imene sipereka n'komwe thandizo la fizi chifukwa cha masewero, anavota 13 kwa 2 kuti alowe m'bungwe la ogwira ntchito. Yunivesite inakana kukambirana nawo, ndipo kumapeto kwa Disembala 2024, boma latsopano litatsala pang'ono kulowa ku Washington, bungwe lawolo linachotsa pempho lake.